Chimene Anachipeza M'mimba mwa Atelala

Pa msewu wa mashopu, pakati pa wogulitsa magalasi ndi wokonza mawailesi, panali kachipinda ka chitseko chobiriwira momwe munkasokera mayi wina amene aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Ngakhale amuna awo, bambo wowotcherera zitsulo, akafika pakhomopo ankafunsa kuti, "Atelala alimo?"

Anayamba kusoka ali mtsikana, pa makina opalasa ndi phazi, ndipo pofika zaka 46 anali atasokera mayunifolomu ana a sukulu, kenaka ana a anawo. Tepi sinkachoka m'khosi mwawo. Munthu akangolowa, iwo ankamuponya diso kamodzi n'kunena kuti, "Chiuno 32," ndipo akayeza zinkakhaladi choncho. Matupi a anthu ankawadziwa: wa phewa lopendekeka, wa mwendo umodzi wofupikirapo, amene wanenepa koma sakufuna kuuzidwa. Thupi lawo lokha ndi limene linadzawasokoneza.

Zinayamba masana ena akutsitsa mpukutu wa nsalu pa shelefu. Anangomva ngati munthu wawagwira m'munsi mwa mimba, chakumanja, n'kupotokola ngati akufinya chovala chonyowa. Anakhala pansi pomwepo, pa zidutswa za nsalu, thukuta lili kamukamu. Anasanza kawiri. Wokonza mawailesi anathamanga kukaitana amuna awo, koma pomwe bambowo amafika, magalasi owotcherera adakali pamphumi, anapeza mayi akumwa madzi, ululu utapita ngati sunabwere n'komwe.

"Ndiye mwandiitanira chiyani?" anafunsa bambowo, akupuma mwawefuwefu.

"Kuti mudzaone mmene ndachirira," anayankha Atelala, ndipo onse anaseka.

Patatha miyezi iwiri zinabweranso. Kenaka zinkabwera mmene zafunira, nthawi zina kawiri pa mwezi, nthawi zina n'kudumpha miyezi itatu. Pakati pa masiku amenewa mimba inkangokhala yofufuma. Akadya pang'ono pokha ankamva kukhuta ngati adya za anthu atatu. Anayamba kumasula masiketi awo omwe, kusuntha batani, kuwonjezera kansalu m'mbali, mpaka anasiya zipi n'kuyamba kuika lasitiki.

Ku kiliniki yapafupi anawauza kuti ndi njoka za m'mimba, nawapatsa mapiritsi. Ku ina anati ndi zilonda, asiye tsabola ndi tiyi wopanda chodyera. Ku yachitatu anawayeza magazi, mkodzo ndi chimbudzi, zonse zinatuluka bwinobwino, ndipo amene anawaonayo anati, "Amayi, ndi mpweya umenewu. Mumakhalitsa pa makina. Muziyendayenda." Vuto linali lakuti pomwe ankafika kutsogolo kwa mzere, ululu unkakhala utaleka, iwo n'kumaoneka ngati munthu wongofuna kupuma ku ntchito. Anasiya mkaka. Anasiya nyemba, kabichi, zokazinga. Nkhope inaphwa, mikono inaonda, koma mimba ili pomwepo, ikutsogola.

Makasitomala anayamba kumwetulira mwa njira ina. Mayi wina, atabwera kudzatenga diresi lake, anawanong'oneza kuti, "Koma ndiye mwalimba mtima, pa msinkhu uno!" Amuna awo nawonso poyamba ankaseka nazo. "Kapena mzime wathu uja sanali mzime?" Koma tsiku lina atawapeza atagwada pansi, atagwira mwendo wa tebulo, mano ali gwa, nthabwala ija inawathera, ndipo sanaibwerezenso.

Atelala sanali munthu wa zolankhulalankhula, koma anali munthu woyeza. M'kope lawo lalikulu, momwe ankalemba miyeso ya makasitomala, anatsegula tsamba lakumapeto. M'mawa uliwonse asanadye kanthu ankazunguliza tepi pa mchombo n'kulemba. Madzulo akamatseka, chimodzimodzi. Tsiku la ululu ankaika kamtanda, n'kulembapo zimene amachita pomwe umayamba: kunyamula nsalu, kuwerama kutola singano, kutsika basi modumpha. Sanauze munthu. Ankangofuna kudzitsimikizira kuti sakupenga. Tsamba linadzaza, anamata lina, mpaka zaka ziwiri.

Amene anawakoka kupita ku chipatala chachikulu anali amuna awo. Anatseka shopu yawo Lachiwiri lonse, chinthu chomwe sanachitepo chikwatirane. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa, ndipo cha m'ma 11 anaitanidwa m'kachipinda momwe munali dokotala wamkazi, wamng'ono ndithu, msinkhu wa mwana wawo woyamba. Atelala atamuona mtima unagwa. Anafotokoza nkhani yawo mwachidule, ngati munthu woti waifotokoza kambirimbiri ndipo akudziwa kale yankho lake.

"Mimba inayamba liti kukula?" anafunsa dokotalayo.

Atelala anazengereza, dzanja lili pa chikwama. Ankaopa kusekedwa. Amuna awo, omwe anali atalionapo kopelo mobera, anawagunda ndi chigongono. "Amayi, mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Aonetseni."

Dokotala analandira kopelo, nayamba kuyendetsa chala m'mizeremo. Anawerenga nthawi yaitali moti Atelala anayamba kupepesa chifukwa cha kalembedwe kawo. Iye anakweza dzanja kuti adikire.

"Taonani apa, amayi. Za madzulo zikukwera n'kutsika, umenewo ndi mpweya, aliyense ali nawo. Koma za m'mawazi sizinatsikepo. Munayambira pa 33, lero muli pa 38, pamene inuyo mukuonda. Mpweya sukula choncho. Muli chinthu m'menemo." Anatembenuza tsamba. "Ndipo timitanda tonseti tili pa tsiku loti munawerama kapena kunyamula. Ndani anakuuzani kuti muzilemba?"

"Palibe, adokotala."

"Anthu onse akanamabwera ndi kope lotere, bwenzi ndikuweruka masana."

Anawagoneka pa bedi n'kuwagwiragwira pamimba, pang'onopang'ono, mpaka dzanja linaima chakumanja. Kenaka anawalembera kuti akajambulidwe tsiku lomwelo.

Chipinda chojambulira chinali chamdima, chozizira, makatani atatsekedwa. Wojambulayo, bambo wa imvi wosalankhula zambiri, anawapaka mafuta ozizira pamimba nayamba kuyendetsapo kachipangizo kake. Pa galasi la makinawo panaoneka zotuwatuwa, ngati mitambo ikuyenda. Atelala anapendeketsa mutu. Zaka zonsezi anayeza anthu kunja kokha, sanaganizepo kuti tsiku lina adzaona mkati mwa munthu, munthu wake ali iwo omwe.

"Chimene chikugundacho n'chiyani?" anafunsa.

"Mtsempha waukulu wa magazi. Wakhala ukugunda choncho chibadwire chanu."

Anauyang'anitsitsa, ukutseka n'kutsegula, osapumira, osawafunsa. Kenaka kachipangizo kanatsikira kumanja, ndipo pagalasipo panadzaza chinthu chozungulira, chachikulu, chokhala ndi mawanga owala mbee. Wojambulayo anaima. Anabwerera, naimanso. Anatuluka, nabwera ndi dokotala uja, ndipo awiriwo anaweramira pagalasi akuloza mawangawo.

"Ndi khansa?" anafunsa Atelala. Mawuwo anali atakhala pakhosi pawo kwa zaka ziwiri.

"Sindingalumbire tisanachiyeze," anatero dokotala, "koma mmene chikuonekera, ndi chotupa cha mtundu umene nthawi zambiri si khansa. Chamera pa kathumba kosunga mazira, ka kumanja. Chalemera, ndiye mukawerama chimapotokoka pa tsinde lake, magazi n'kuleka kuyenda bwino. Ululu uja ndi umenewo. Chikabwerera m'malo, mumachira. Mwachita mwayi kuti nthawi zonsezi chimabwerera. Tiyenera kuchichotsa msanga."

"Nanga zowalazo?"

Dokotala anayang'ana wojambula, kenaka anamwetulira pang'ono. "Musaope, amayi. Zikuoneka ngati mano."

Amuna awo, omwe anali ataima pafupi ndi chitseko, anafunafuna mpando n'kukhala.

"Ndameza munthu?" anafunsa Atelala.

"Ayi. Si mwana, sanakhalepo mwana, ndipo palibe wakuchitani chipongwe. Tizidutswa timene timapanga mazira a munthu wamayi timadziwa kupanga chilichonse cha m'thupi, khungu, tsitsi, fupa. Nthawi zina kamodzi kamangoyamba ntchito pakokha, popanda dongosolo. Kapanga tsitsi apa, dzino apo, n'kuzikulunga m'thumba. Ndipo tizidutswa timeneti munabadwa nato. Tinalipo kale inu muli m'mimba mwa amayi anu."

Atelala anapukuta mafuta aja pamimba, natuluka ndi amuna awo. Panjira yobwerera, m'basi yodzaza, ankayang'ana anthu: mtsikana wogona atatsamira zenera, bambo wonenepa wa chikwama pamiyendo, mayi woyamwitsa. Aliyense anali ndi mtsempha wake ukugunda mumdima, aliyense atanyamula zinthu zimene sanazionepo. Mantha analipo, koma pamwamba pake panali china chimene sanachidziwe dzina. Amuna awo anawafunsa ngati akumva kuwawa. Iwo anapukusa mutu. "Ndikungodabwa, bambo. Munthu ndi chinthu chachikulu."

Opaleshoni inachitika patatha masiku asanu ndi atatu. Atatsitsimuka, pakamwa pali gwa, chinthu choyamba kufunsa chinali chakuti achione chotupacho. Namwino anati anthu ambiri safuna. Iwo anaumirira, ndipo tsiku lotsatira dokotala uja anabwera ndi foni yake, momwe anali atajambula chotupacho asanachitumize kokayeza. Chinali chachikulu ngati mutu wa khanda, chosalala, chitang'ambidwa pakati. Mkati munali mafuta achikasu, nkhata ya tsitsi lalitali lakuda, ndi mano atatu. Limodzi linali dzino lenileni la kunsagwada, loyera, la mizu yake, lopanda bowo ngakhale pang'ono.

Atelala analikuza ndi zala ziwiri, naliyang'ana, naliyang'ananso. Sananyansidwe. Dzino limene silinatafunepo kanthu, limene palibe analiona likumera, koma lopangidwa mosamala ngati kuti likudziwa kumene likupita. Misozi inatsika yokha.

"Adokotala, inu mumaziona zimenezi tsiku ndi tsiku. Simudabwa?"

"Ichi n'chachisanu kuchiona," anatero dokotalayo, "ndipo dzulo sindinathe kudya masana. Ndinkangoganiza."

Amuna awo anakana kuyang'ana. Anati chitsulo amachidziwa, koma izi zawapitirira. Pa tsiku lachitatu Atelala anapempha kalilole, nayang'ana msoko wa pamimba pawo, ulusi ndi ulusi. Anauza namwino kuti akamuuze amene anasokayo kuti dzanja ali nalo, kungoti kumapetoko anafulumira.

Zotsatira zinatuluka patatha milungu itatu: sichinali khansa. Ululu uja sunabwerenso. Anayamba kudya nyemba, ndipo mwezi wachiwiri usanathe anali atabwerera pa makina.

Asanatsegule shopu, anapita kukaona amayi awo owabereka, omwe ankakhala ndi mchemwali wawo mbali ina ya tauni. Gogoyo anali ndi zaka zoposa 80, makutu olemera, pakamwa pakuthwa. Anawapeza atakhala pakhonde akuotha dzuwa. Atelala anakhala pafupi, nafotokoza zonse mokweza mawu, kenaka anawaonetsa chithunzi chija, chimene dokotala anali atawatumizira. Gogo anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa, nachiyandikizanso.

"Limeneli ndi dzino?"

"Eya, amayi. Atatu."

"Iwe mano mpaka m'mimba, ine m'kamwa muno mulibe ndi limodzi lomwe. Bwanji sunawapemphe akusungire, ndikaikitse?"

Mchemwali wawo anaseka mpaka kugwira chipupa. Atelala anaseka atagwira pabala. Kuseka kutatha anati, "Adokotala akuti chiyambi chake ndinabadwa nacho. Akuti chinalipo ndili mwa inu."

Gogo anasiya kuseka. Anayang'anitsitsa mwana wawo, mayi wa imvi zoyamba, amene naye anali ndi zidzukulu.

"Ndiye kuti ndinachinyamulako nanenso?"

"Akutero."

"Miyezi isanu ndi inayi, ine osadziwa." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndinakusambitsa, ndinakuwerenga zala zonse, ndinayang'ana m'makutu. Ndinkati ndakuona yense."

Anatambasula dzanja lawo lamakwinya, napempha kuti aone balalo. Atelala anayang'ana uku ndi uku, nakweza bulauzi pang'ono. Gogo anayendetsa chala pa chipseracho kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, mosamala, milomo ikuyenda popanda mawu. Kenaka anatsitsa bulauziyo okha, naikonza bwino, n'kuuza mchemwali uja kuti abweretse mpando wa khushoni, mwanayu wakhalitsa pa simenti.