Keke ya Amayi ndi Radiyeta ya Bambo

Ndikukumbukira chilimwe china ndili ndi zaka khumi, tikukhala ku Barking, kutsidya kwa nyanja. Bambo anga anali ndi galimoto yakale yofiira imene ankaikonda ngati mwana wachisamba, koma inali ndi nthenda imodzi: ikangoima pamzere wa magalimoto, injini inkatentha. Mankhwala awo anali awiri. M'mawa ankathira madzi a pampopi mu radiyeta, monga ankachitira kwathu ku Zomba. Kamuvi kosonyeza kutentha kakayamba kukwera, ankayatsa hita mpaka kumapeto kuti ikoke moto wa injini. Ife kumbuyo tinkapsa ngati mbatata, iwo akudziimbira nyimbo za kwaya.

Tsiku lina amayi, omwe anali namwino komanso a luso pa zophikaphika, anapemphedwa kukonza keke ya ukwati wa mwana wa mnzawo ku Croydon. Inali keke yawo yoyamba ya ukwati, ndipo woinyamula pamiyendo ndinali ine. Ananena mosapsatira kuti keke yawo ipsa kamodzi kokha, siidzalowanso mu uvuni wa matayala. Bambo anaumirira kuti galimoto ilibe vuto, imangomva ludzu. Amayi sanalimbane nawo. Anangotenga ketulo yathu n'kuwaonetsa mkati, momwe munali makoko oyera, olimba ngati mwala.

"Madzi ake ndi omwewa, bambo a Tadala. Nanga m'galimoto mwanumo akusiyamo chiyani?"

Bambo anasuzumiramo nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

Lachisanu masana tinaigwira ntchito yotsuka radiyeta. Bambo anadikira kaye kuti injini izizire, akundichenjeza kuti radiyeta yotentha ukaitsegula imakulavulira kumaso. Atamasula kotsekera ka pansi, m'beseni munagwera madzi a dzimbiri, okhuthala ngati thobwa. Ine ndinagwira paipi, kuthira pamwamba mpaka otuluka pansi anayera. Kutsogolo kwa radiyeta ndinachotsako masamba, ntchentche zouma ndi nthenga za nkhunda, zonsezo ndi mswachi wanga wakale. Pomaliza bambo anathira madzi apinki a m'botolo oziziritsa injini, akung'ung'udza kuti dziko lino ngakhale galimoto imasankha chakumwa.

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Titayandikira Blackwall, pamene msewu umadutsa pansi pa mtsinje, magalimoto anaima nji. Mantha anandigwira, keke ili pamiyendo, maso ali pa kamuvi kaja. Kanayamba kukwera. Dzanja la bambo linapita lokha ku hita mwachizolowezi, amayi n'kuliwomba kambama. Kamuvi kanafika pakati, n'kukhazikika pomwepo. Tinafika ku Croydon maluwa onse a shuga a pa keke ali chiimire, ndipo ndinasangalala kuposa mkwatibwi. Bambo anauza aliyense pa ukwatipo kuti nzeru ya ketulo inali yawo, amayi akungomwetulira.

Lero ndili ndi galimoto yangayanga, ndipo ndikumvetsa kuti bambo sanali ouma mutu. Ankachita chimene chinawathandiza zaka zambiri kumudzi, osadziwa kuti madzi a kuno ndi ena. Kuthira mowonjezera sikutsuka. Nthawi zina umayenera kutulutsa zakale zonse n'kuyambiranso. Ankatero ndi zambiri m'dziko lachilendoli, mwakachetechete, ife ana osaona. Mpaka pano ndikapita kukawachezera, asanandifunse za moyo wanga amayamba atsegula boneti, kenako amapita kukhitchini kukasuzumira m'ketulo ya amayi.