Tinyumba ta kuseri kwa chigafa

Pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kaluluma, a Levison ankadziwika ndi tinyumba tawo. Anali tenanti wochokera ku Phalombe, munthu wosachulutsa mawu, ndipo mkazi wawo Lefina ankadwala mphumu. Nyumba za matenanti mukuzidziwa: mitengo ndi udzu basi, poti sungaumbe njerwa pamalo pa eni. Juni akafika mphepo inkalowa ngati kwawo, chifuwa cha Lefina n'kumalira. Alongo ake, a Benjamin, anali atatumiza kale mawu kuti akapanda kupeza bwino adzamutenga. A Levison ankaopa zimenezi kuposa matalala m'munda.

Ndiye anayamba kumanga tinyumba tolekeza m'mawondo kuseri kwa chigafa. Kena ka udzu, kena ka zidutswa za malata, kena ka matumba a fetereza wa makuponi omwe ankapempha m'midzi. M'kalikonse ankaikamo botolo la madzi, n'kumalikhudza m'mawa ndi masana kuti amve ngati lazizira kapena lafunda. Anzawo ankafunsa ngati nkhuku nazo zayamba utenanti.

Ka malata kankafunda msanga, ka matumba kankatchinga mphepo. Mwachimwemwe anasakaniza zonsezo panyumba yeniyeni, malata n'kuwaika kumadzulo. Apo ndiye anaphonya. Pofika Okutobala nyumba inasanduka uvuni, ndipo zinali zomvetsa chisoni kuona Lefina atatsamira mtengo panja, akupumira m'mwamba. Bambowa anali atayesa chilichonse pachokha, osadziwa kuti zikaphatikizana zimasintha khalidwe. Anayambiranso ndi kanyumba kamodzi ka zipupa zosiyanasiyana, n'kumakatembenuza kuti aone mbali yomwe dzuwa likuvutitsa. Mapeto ake malata anapita kum'mawa, kumadzulo kunakhala udzu wochindikala, matumba m'kati, ndipo pamwamba anasiya mpata wotseka ndi galasi la minibasi yakufa.

A Benjamin anabweradi, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala m'nyumbamo n'kumayang'ana zigamba za zipupazo.

"Alamu, mlongo wanga azikhala m'zimenezi? Lefina, longedza."

A Levison anangoti zyoli, chipewa chili m'manja. Nyumbayo inalidi yonyansa.

Lefina anakoka mpweya wautali, chifuwa chili zii.

"Achimwene, mukawauze amayi kuti masiku ano ndikugona tulo. Nyumbayi anamangira chifuwa changa. Ndiisiyire ndani?"