Singano ya achimwene

Ku Vinthukutu, m'boma la Karonga, mukafunsa za a Gray Kamtedza, anthu sakuuzani kuti ndi alangizi a zaulimi ochokera ku Dedza. Amangoti, "Aja a kandege aja." Loweruka lililonse, bambo wamkulu ndithu, ankanyamula kandege kamatabwa koyendera rimoti n'kupita nako pabwalo la mpira. Akathira mafuta n'kupukusa pulopela, injini inkalira ngati mwana wolumidwa ndi mavu, n'kutentha, kenako zii. Kuuluka ayi.

Kandegeko kanali ka akulu awo, malemu a Clifford, amene anabwera nako kuchokera ku Joni. Pambali pa injini pali singano yopotokola, yotsegulira mafuta. A Clifford anaichuna komaliza kwawo kumapiri, khutu lili pafupi, a Gray atagwira mchira. Chaka chomwecho a Clifford anatisiya.

Vuto a Gray ankalidziwa bwino lomwe. Mpweya wa kuno kuchigwa ndi wolemera kuposa wa ku Dedza, ndiye injini imafuna mafuta ochulukirapo. Kungopotokola pang'ono, basi. Koma zala zomaliza kukhudza singanoyo zinali za a Clifford, ndipo a Gray ankawasowa akulu awowo koopsa. Choncho ankasintha pulagi, kutsuka kapaipi, kunamizira mphepo, kunamizira chilichonse, singano osaikhudza.

Tsiku lina mafuta a kandegeko, osakaniza ndi a nsatsi, amene ku Karonga simungawapeze, anatsalira pansi pa botolo. A Chakufwa, mlimi wa chinangwa amene ankawagwirira mchira, anapukusa mutu poona kuti mafuta akutha, n'kulankhula mosakaniza ndi chiyankhulo chakwawo.

"A Gray, mafuta ghamara agha. Akulu anuwo anakusiyirani ndege, panji chidole cha pa kabati?"

 A Gray analiza injini, n'kugwira singano ija. Anapotokola pang'onopang'ono, mtima ukuwawa ngati akufufuta dzina pamanda. Kulira kuja kunatsika, kunakhazikika, utsi wonunkhira nsatsi ukutuluka. Anali mawu enieni a ku Dedza aja, amene a Clifford ankagwedezera mutu akawamva.

"Tayani!"

A Chakufwa anasiya mchira. Kandege kanathamanga m'fumbi, kananyamuka, kanakwera pamwamba pa minda ya chinangwa.

"Mwaimva, achimwene?" anakuwa a Gray, atacheukira kudzanja lamanja kumene a Clifford ankaima akamaulutsa.

Kumeneko kunali mtengo wa golo wokha.