Mapiritsi Amene Anadikira M'mimba mwa ba Mwanza

Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo musandifunse chifukwa. Ndinkangokhala ku Kalikiliki mpaka mng'ono wa mayi anga anandipezera ntchito ku komboni ya Mtendere. "Bafuna munthu wamphamvu, Mabvuto, osati wanzeru," anatero. Sindinaseke.

Ntchito inali yosamalira ba Mwanza, mdala amene kale ankayendetsa malole. Matenda a shuga anali atawadya zala za kuphazi, moti kuchimbudzi ndinkachita kuwanyamula. Bwana wanga anali mwana wawo, ba Judith, ogulitsa salaula, zovala zogwiritsidwapo kale ntchito, m'tauni. Ndiwo anandiphunzitsa za m'mawa: kuwasambitsa m'manja ndi madzi ofunda, kubaya m'mbali mwa chala ndi kasingano, kudonthezera magazi pa kapepala kolowa m'kamakina koyezera shuga. Kenako piritsi lotsitsa shuga, kenako phala. Mdala ankanditukwana kuyambira pobaya mpaka potsuka mbale.

Panali chinthu chimene sindinkachikonda. Akadya masipuni ochepa ankati akhuta. Mimba inali ndii ngati ng'oma, ndipo akageya m'chipinda munkanunkha ngati ngalande. Tsiku lina anasanza masana, m'beseni ndinaona nyemba za dzulo lake, zathunthu. Ndinauza ba Judith.

"Ni ukalamba chabe," anatero. "Tsuka beseni."

Loweruka lina ba Judith sanapite m'tauni. Mdala anameza piritsi, analawa phala, nakankha mbale. Dzuwa litakwera ndinayeza, shuga inali ikadali pamwamba. Nthawi yomweyo analowa bana Chanda, mayi a nyumba yoyandikana, nawonso odwala shuga. M'komboni mankhwala timabwerekana ngati mchere. Anamasula mfundo ya chitenje, muli mapiritsi awo.

"Ya ku kiliniki yalibe mphamvu masiku ano," anatero. "Ine ikakwera nimaonjeza chabe. Bapaseni yanga, muzaona."

Ba Judith anawapatsa bambo awo limodzi. Masana kamakina sikanasinthe kwenikweni, mdala anakana chakudya, ndipo ba Judith anawonjezera lina. Palibe anachita mantha. Tonse tinkadziwa kuti chimene munthu wameza chalowa m'thupi, basi.

Chimene chinandiopsa ndi bata. Ndinali panja kuchapa mashiti, ndipo ndinazindikira kuti papita nthawi osanditukwana. Ndinalowa. Mdala anali chagada, malaya atanyowa ndi thukuta lozizira, manja akunjenjemera. Anandiyang'ana ngati mlendo.

"Kondakita," anatero, "tseka chitseko, tiyende."

Ndinabaya chala. Nambala imene inatuluka inali yotsika kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Ba Judith anasungunula shuga m'kapu, koma mano anali atalumana kale, madzi ankangotsikira m'khosi mwa malaya. Bana Chanda anayamba kupemphera mokuwa. Ine ndinawabereka mdala kumsana, ndi kudutsa nawo m'tinjira ta matope mpaka pa msewu pamene tinapeza takisi. Mutu wawo unkagunda paphewa panga ngati dzungu.

Ku kiliniki anawaika diripu ya shuga. Nesi wamkulu anafunsa zimene anameza, kenako anafunsa ngati amasanza chakudya chakale. Ba Judith anayang'ana pansi.

"Shuga ikakhalitsa imawononga mitsempha ya m'mimba," nesi anatero. "Mimba yawo imachedwa kutsitsa vinthu. Piritsi silisebenza likali m'mimba, lifunika lifike m'matumbo. Yonse yamene munabapasa yenze chabe kuyembekeza, ndiye yatsikira pamodzi, balibe na chakudya."

Ba Mwanza anatsitsimuka mawa lake, koma amene tinabwerera naye ku Mtendere anali munthu wina. Ankakhala pakhonde kuyang'ana khoma. Ba Judith akabwera kuchokera m'tauni ankawapatsa moni waulemu, wa alendo. Mwezi usanathe ba Judith anandiuza kuti ntchito yatha. Sanapereke chifukwa. Sankafuna m'nyumba mwawo munthu amene anaona za mapiritsi aja.

Pano ndimasamalira mayi wina wa shuga ku Kaunda Square. Achibale ake amati ndine wamwano, ndipo sakunama. Kamakina kakaonetsa kuti shuga yakwera, pamapezeka wina wonena kuti tionjezeko kamodzi chabe. Botolo la mapiritsi ndimaliika m'thumba la thalauza langa, ndi kuwauza kuti loyamba lija mwina likadali m'njira. Wofuna kuonjezera apite akafunse nesi, kapena ayambe wandigwetsa.