Chaka Chimene Dokotala Serofina Anabwereza

Sabata yatha tinaika m'manda Dokotala Serofina Kerketta, ndipo bambo mfumu apempha kuti wina womudziwa kuyambira ubwana anenepo mawu m'kapepala ka parishi. Ine cholembera sindinachigwirepo. Ndikunena, mdzukulu akulemba.

Serofina anabadwira kumudzi wa kuseri kwa tauni ya Gumla, mwana wachitatu wa katekisiti. Anali mwana wa mafunso, ndipo mwana wotere sakugonetsa tulo. Ankasuzumira m'chitsime, ankakanula mbuzi kukamwa kuti aone za mkati. Pemphero la korona ankalinena mothamanga ngati wina akumupirikitsa, koma sanadumphepo tsiku.

Masisitere anamuphunzitsa mpaka anakhala dokotala. Tinati basi, wapuma. Ayi ndithu, anabwera kuchipatala chathu chino kudzaphunziranso zaka zitatu, ati udokotala wa banja lonse. Mpaka lero zimandizunguza mutu. Wa maso amaona maso, wa mafupa amaona mafupa, koma awa amaona zonse: m'mawa athandiza mayi kubereka, masana asoka mutu wa chidakwa, kenako amvetsera chifuwa cha nkhalamba. Iye ndi anzake ankagona anayi m'chipinda chodontha. Mpunga ankadya wozizira ali chiimire, belu loitana dokotala likalira n'kusiyira ntchentche. Tinkamuchenjeza kuti chakudya chodya choimirira chimathera m'miyendo, iye n'kufunsa kuti chimadzera njira iti.

Wophunzira aliyense ankapatsidwa mabanja akumudzi oti aziwayendera. Pakhomo, monga mudziwa, mlendo timamusambitsa mapazi m'mbale yamkuwa n'kumudzoza mafuta a mpiru. Anzake a m'tauni ankakana kuvula nsapato, ati nthawi. Serofina ankavula, ndipo akamusambitsa ankapempha kuti nayenso asambitse mwini nyumba. Sikuti ankadzionetsa kuyera mtima. Ankangofuna kuona mapazi a anthu.

Umu ndi mmene anapezera chilonda kuphazi kwa Jowakim Toppo, mlimi wa pamwamba pa phiri. Munga unali utalowa wonse, mwini wake osadziwa. Anamutsina, osamva kanthu. Linali khate.

"Amalume, izi masiku ano zimapola. Mubwere kuchipatala Lachinayi."

Lachinayi linali tsiku la akhate, ndipo ankalowera khomo lawolawo lakumbuyo.

"Pakhomo paja pokhala ogulitsa tiyi, maso ali tong'o?" anatero Jowakim. "Mwana wanga, Phulkeria wathu akwatiwa tikakolola. Akuchimuna akangomva, ukwati watha, ndi wa mng'ono wake womwe. Phazi liwole, ine sinditsika."

Serofina anapita kwa mphunzitsi wawo wamkulu, Dokotala Mathai, ali yekha.

"Mankhwala ndikupatsa, ndipo pakamwa ndatseka," anatero mkuluyo. "Koma chilonda chotere chifuna kutsuka tsiku ndi tsiku, ndipo phiri silitsika kudzakupeza. Ukamasowa kuwodi, chaka chino ubwereza. Lamulo la maphunziro silidziwa za maukwati."

"Ndamva, bwana."

"Wamva, kapena ukungogwedeza mutu ngati ng'ombe ya pangolo?"

"Zonse ziwiri, bwana."

Anayamba kukwera phirilo masana aliwonse panjinga yamoto yobwereka, nyengo ya mvula, njira ya njoka ndi njovu. Musadzayese inu. Akafika ankamusambitsa, iye n'kutenga mbale ija kulowa nayo m'nyumba ndi Jowakim ndi mkazi wake. Ana a m'nyumbamo anawayang'ana khungu mmodzimmodzi, ati akufuna zipere, ndipo onse anali bwino. Oyandikana nawo ankangoti dokotalayu wakonda tiyi wa pakhomopo.

Kuchipatala odwala ake ankagwera anzake, ndipo sanakondwe. Ankawabwezera pogwira ntchito masiku awo opuma, koma lilime silikhuta. Mnzake wina, Prabhat, anamuyamba pamaso pa anamwino.

"Achemwali, kuphiriko kuli mwamuna eti? Mutiitane ku ukwati, ife antchito anu."

"Alipo," anatero Serofina. "Mano atatu, onse okongola."

Anthu anaseka, koma ena anaitenga nkhaniyo kukafika nayo kutchalitchi itamera miyendo. Iye ankagwada pamalo pake pa nthawi zonse, nsalu kumutu, osayang'ana kumbali.

Mpunga unakololedwa, Phulkeria anakwatiwa. Phazi linapola, kupatula chala chimodzi. Anzake a Serofina anamaliza n'kupita kumzinda wa Ranchi, ena kutsidya kwa nyanja, iye n'kubwereza pamodzi ndi ana omwe anawaphunzitsa yekha kubaya jekeseni. Bambo ake katekisiti, amene anali atasoketsa kale malaya a tsiku lomaliza maphunziro, anamufunsa chimene chinalakwika. Anangoti, "Ndinachedwa, bambo." Mkuluyo anamwalira akudziwa zomwezo basi.

Anakhala pachipatala pano mpaka imvi, osakwatiwa, akuphunzitsa ena. Atakhala mkulu anatseketsa khomo lakumbuyo lija ndi njerwa, akhate n'kumakhala pa benchi limodzi ndi ena onse. Ife tinaopa kwambiri, koma palibe anatengerapo. Ophunzira ake amakumbukira mawu ake akuti, "Wagona pabediyo ndi mmodzi. Funsa za amene atsala kunyumba."

Mtima utayamba kufooka, anagonekedwa m'wodi ya amayi, poti chipinda chapadera anachikana. Kumeneko kunabwera Phulkeria, tsopano ali ndi zidzukulu. Mayi ake anali atamuululira zonse asanamwalire, ndipo ndi Phulkeria yemweyo wandilola kunena izi.

"Achemwali, chaka chathunthu chifukwa cha ine? Mukanamva mkonono wa mwamuna wangayo, simukanavutika."

"Amakumenya?"

"Ayi."

"Ana amadya?"

"Amadya mpaka kutisautsa."

"Ndiye ukulira chiyani? Ndikwezere pilo."

M'mawa mwake Serofina analandira sakramenti la odwala. Anamwino anayamba korona, iye akuyankha pang'onopang'ono, kwa nthawi yoyamba osathamanga, mpaka anangosiya kuyankha.

Inu ana ovala zoyera amene mumadutsa pakhomo panga panjinga zanu, chepetsani liwiro pa mlatho, ndi woterera. Ndipo mnzanu akamasowa pantchito osanena chifukwa, gwirani lilime kaye. Ambuye amulandire mtumiki wawo Serofina, apume kumene kulibe belu.