Sitima Sidikira Munthu, Achemwali

Achemwali, lero ndimagula jinja mumsika wa Limbe, ndipo nditangomva fungo lake ndinaima chilili pakati pa anthu, misozi ili mbwembwembwe. Mwezi wamawa ndikupita ku Durban kukakwera sitima yapamadzi ija ya alendo okaona malo, momwe munkagwira ntchito yoyala mabedi. Munkati tidzakwera limodzi, wina adzakuyalireni bedi inunso. Ndakumbuka tsiku lija pakhonde ku Chirimba, matenda asanakugwireni, mukundilangiza ngati kuti tinyamuka mawa lomwe. Munati, "Iwe, pasipoti, mankhwala ndi zovala zosinthira uziika m'kachikwama ka m'manja, chifukwa sutikesi imafika kuchipinda mochedwa. Ukamva chizungulire, utafune jinja n'kumayang'ana kutali komwe madzi akumana ndi thambo." Ine ndinkangoseka. Ndiye munandikoka khutu. "Tikatsika padoko kukaona malo, kuchedwa kwako kuja ukusiye konkuno. Ija si minibasi yoti kondakitala akakuona ukuthamanga amenye chitseko kuti iime. Nthawi ikakwana, sitima imanyamuka."

Zonse ndatsatira, achemwali, kachikwama kaja ndalongedza kale. Jinja ndagula wokwanira anthu awiri, ndazindikira nditafika kunyumba. Ndakusowani, komanso ndikadali nanu mawu. Kuyambira tili ana, ine wochedwa ndinkakupezani pasiteji mutagwira m'chiuno, mukukalipa, minibasi zikukudutsani, koma simunandisiyepo. Nanga bwanji ulendo uno wokha simunandidikire?