Malungo Amene Ankakula Kutsogolo Kokha

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. M'mawa wina mu Okutobala, chaka chimene unduna wathu unasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, zinakana kulowa. Mapazi anali atatupa ngati mabanzi. Ndinapita kuntchito nditavala patapata zimene amuna anga anasiya, ndipo nazonso zinkabuula njira yonse. Sindikuwonjezera.

Ndinali wotayipa makalata pa Capital Hill, ndili ndi pakati poyamba, miyezi isanu ndi umodzi. Amuna anga anatsala ku Zomba poti ofesi yawo inali isanasamuke. Amayi anali kumudzi, kuseri kwa phiri. Ine ndinali ndekha m'kanyumba ka boma konunkha simenti, mumzinda umene mitengo yake inkalekeza m'mawondo. Ukafuna mthunzi unkachita kugwada. Ku Zomba nkhungu inkatsika m'phiri n'kulowa m'nyumba osaodira. Kuno kunali fumbi lofiira, ndipo tsiku lina ndinatsokomola theka la njerwa. Mulungu ndi mboni.

Kenako mutu unayamba kuwawa, wosamva mankhwala. Ndikamatayipa ndinkaona tinyenyezi tikuyenda papepala. Ndinapita kuchipatala cha ku Old Town, kumene tinkakhala pabenchi kuyambira m'mawa, tikusendera pang'onopang'ono mpaka dzuwa kupendeka. Anamwino anandimanga lamba wopopa pamkono, anayang'ana, anapopanso, n'kukaitana adokotala.

"Magazi akuthamanga kwambiri," anatero adokotala. "Mukufunika kugona, osati kukhala pampando. Mukapitiriza ntchito titaya mwanayu, mwinanso ndi inu nomwe."

Anandilembera kalata yoti ndikapereke kwa abwana kuti andivomereze tchuthi. Vuto linali loti m'kalatamo munali mawu amene ine ndinali ndisanaloledwe kutchula. Kwathu mimba yoyamba sitchulidwa mpaka amayi aakulu atakukhazika pansi n'kukulangiza. Zisanachitike zimenezo, ngakhale mimba izilowa pakhomo iwe ukadali panja, aliyense amachita ngati sakuiona. Amayi anga ankayenera kubwera kudzatsogolera mwambowo, wotchedwa chisamba, koma ankadikira kuti abzale kaye.

Abwana athu anali a Nyirenda, ochokera kumpoto, mkulu wa mpingo, munthu waulemu woopsa. Chiyambireni thupi langa kusintha, ankandilankhula akuyang'ana kudenga. Kalata ija ndinaisiya m'chikwama, n'kuwauza kuti ndadwala malungo. Iwo anafunsa denga ngati malungowo anali aakulu. Ndinati apakatikati. Anandipatsa masiku ochepa amene amapatsidwa munthu wa malungo, ndipo atatha ndinabwerera pa makina anga.

Sabata yotsatira nkhope inatupa mpaka maso anangotsala timizere. Mphete inamira m'chala. Madzulo ena nditatsika basi ya antchito, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, osathanso kudzuka. Anandipeza ndi Mayi Nabanda, oyandikana nawo nyumba, amene ankagulitsa nyemba mumsika wa Old Town. Nditawafotokozera zonse anawomba m'manja.

"Iwe mwana wa ku Zomba, ukufuna kufa ndi manyazi? Kuno kulibe amayi? Chisamba timachidziwa ifenso."

Lamulungu masana anabwera ndi amayi ena atatu akumudzi kwawo, n'kutseka chitseko. Zimene anandiuza sizilembedwa papepala. Anachita zonse mwadongosolo, ndipo anandikomera mtima. Koma ndinalira, chifukwa mawu amenewo ndinakula ndikudziwa kuti ndidzawamva kuchokera pakamwa pa amayi anga.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya a Nyirenda, n'kuika kalata patebulo.

"Bwana, ndili ndi pakati."

Anatsitsa mutu. Khosi lawo linalira mpaka a unduna woyandikana nawo anasuzumira pazenera. Funsani aliyense amene analipo.

"Zikomo, mayi," anatero. "Ndimadabwa malungo okula kutsogolo kokha. Akazi anga akundikalipira tsiku lililonse kuti ndikupha mwana wa eni. Koma ndikanayamba ndine kutchula, mukanandiyesa munthu wotani?"

Anasaina nthawi yomweyo, n'kulamula dalaivala kuti andiperekeze kuchipatala.

Ine ndinkaganiza kuti tchuthi ndiye kuti Zomba. Chikwama ndinali nditalongedza kale. Adokotala anapukusa mutu: "Basi ya ku Zomba simukwera. Mugona kuno." Choncho ndinagonekedwa. Kukacha anamwino ankatiyeza magazi ndi mkodzo, kenako phala, kenako adokotala, kenako kudikira. Anandiuza kuti ndizigonera kumanzere, ndipo kumanzere kwanga kunali khoma. Mvula itayamba ndinkaimvera padenga, n'kumaganiza za amayi ali weramu m'munda, osadziwa kuti mwambo wawo wachitidwa ndi ena. Amuna anga ankabwera kumapeto kwa mwezi. Ulendo wina anandibweretsera madzi a ku Zomba m'botolo la sobo. Anali atafunda m'basi, koma ndinawamwa pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Kutupa kunaphwa pang'ono, mutu unaleka. Mu Januwale anandiyambitsa matenda masiku asanakwane, ndipo ndinabereka mwana wamkazi. Anali wamng'ono moti akanakwana m'dilowa ya tebulo langa pamodzi ndi mapensulo, koma mawu anali a munthu wamkulu. Amayi anafika patapita masiku. Atamva za chisamba, anapita kukagwada pamaso pa Mayi Nabanda kuthokoza.

Lero ndine wopuma pantchito. Ndimamwa mapiritsi a magazi m'mawa uliwonse, ndipo kusikelo ya okalamba sindijomba. Mwana uja ali ndi nyumba yake ku Area 43, ndipo akafunsidwa kwawo amayankha kuti Lilongwe, osachita manyazi n'komwe. Ku Zomba sindinabwererenso kukakhala. Ndimangopitako pamaliro.

Atsikana inu, mukaona mapazi akutupa, mutu ukuwawa, maso akuchita tinyenyezi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kalata ya adokotala muipereke kumene ikupita. Mwambo ndi wabwino, koma amayi okulangizani amapezeka pena paliponse. Ine ndinadikira a kwathu, ndipo padangotsala pang'ono kuti abwere kudzalira.